Willy Loman ndi Biff: mwanayu anawonongekera ku Boston kapena pakhomo pomwe?

Kamdothi
Anzanga ndithandizeni maganizo. Mng'ono wanga akuphunzira sewero la Arthur Miller la Death of a Salesman ku koleji, ndiye ndinangolitenga kuti ndione chomwe chikumuvutitsa. Ndalimaliza usiku wapitawu ndipo tulo tinandithawa.

Kwa amene simunaliwerenge: Willy Loman ndi bambo wa zaka 63 wokhala ku Brooklyn, mu mzinda wa New York. Ntchito yake ndi yoyenda pa galimoto m'matauni a ku New England, chigawo cha kumpoto chakum'mawa kwa America, kutsatsa katundu wa kampani. Ana ake ndi Biff wa zaka 34 ndi Happy wa zaka 32. Biff anali katswiri wa mpira ku sekondale, mayunivesite atatu akumulimbirana, koma pa 34 alibe ntchito yooneka, wangofika kuchokera ku Texas komwe amagwira ganyu pa famu. Iye ndi bambo ake akangokumana ndi phokoso basi.

Anthu ambiri amati Biff anawonongeka tsiku lomwe anapezerera bambo ake ali ndi mkazi wina mu hotela ku Boston. Ine zimenezi sizikundilowa. Ungataye zaka 17 za moyo wako chifukwa choti bambo ako anali ndi chibwenzi? Zikanakhala choncho bwenzi theka la ife tili pamsewu. Ine ndikuona kuti Biff ndi mlesi amene anapeza ponamizira.

Bwande_wa_Ndirande
Theka? Nenani kuti tonse akulu kkkkk

Mphunzitsi_Wopuma
A Kamdothi, poti Boston si chiyambi ndikugwirizana nanu. Koma za ulesizo ayi.

Bwererani m'gawo loyamba, pamene Willy akukumbukira anyamata akupukuta Chevrolet yake pabwalo. Biff ali ndi mpira watsopano womwe wautenga kusukulu osapempha. Willy akunenadi kuti akabweze, koma akunena akuseka, ndipo posakhalitsa akuti kochi amuyamikira chifukwa cha changu. Kenako yemweyo akutuma ana ake kukatapa mchenga pamalo pomwe anthu akumanga, n'kumanyadira kuti sabata yatha anabweretsa matabwa. Mnzake woyandikana naye nyumba, Charley, akuchenjeza kuti mlonda awagwira. Willy osamva.

Ndiye pali Bernard, mwana wa Charley, wamagalasi, wolimbikira mabuku. Amabwera kudzanena kuti aphunzitsi a masamu, a Birnbaum, ati Biff alephera akapanda kuwerenga. Willy amamunyoza mwana wa mnzakeyo, n'kuuza ana ake kuti magiredi alibe ntchito, chofunika m'moyo ndi kukhala wooneka bwino ndi wokondedwa ndi anthu. Nthawi ina mpaka akulamula Bernard kuti azimuonetsa Biff mayankho. Ine ndaphunzitsa zaka zambiri, makolo otere ndawaona: mwana akaba mumati ndi wochenjera, akalephera mumati aphunzitsi amamuda.

Nyumbayo chiswe chinali chitaidya kale. Boston ndi mphepo yomwe inangoikankha.

NaPhiri_Leeds
Aphunzitsi mwalongosola bwino koma mwaichepetsa kwambiri Boston. Ine seweroli ndinalionera ku London mu 2019, pomwe banja la a Loman analipanga la anthu akuda, Wendell Pierce ndiye anali Willy, Sharon D Clarke anali Linda, mkazi wa Willy. Gawo la mu hotela lija holo yonse inangoti zii.

Funsani kaye kuti Biff amakatani ku Boston. Walephera masamu, akupereweredwa mamalikisi 4 okha. Sanapite kwa amake, sanapite kwa aphunzitsi. Anauyamba ulendo wonse kutsatira bambo ake chifukwa ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti bambo ake akangolankhula ndi a Birnbaum, mamalikisiwo apezeka. Kwa iye panalibe chitseko chomwe bambo ake sakanatsegula. Ndipo onani momwe zinaululikira. Biff akutsanzira kalankhulidwe ka aphunzitsi ake kuti asekese bambo ake, bambo akuseka, ndiye kubafa kukumveka kuseka kwa munthu wachitatu. Mkazi uja akutuluka, akuitanitsa masokosi omwe analonjezedwa, Willy akumupatsa bokosi lonse mwana akuona. Masokosi omwewo omwe amake kunyumba amakhala akusoka mabowo chifukwa atsopano ndi odula.

Nkhani si chibwenzi chabe ayi. Mwanayu zonse zomwe ankadziwa za iye mwini anaziphunzira pakamwa pa bambo ake. Atazindikira kuti pakamwapo pamatuluka bodza, anafunsa kuti nanga zija amandiuza kuti ndine wapamwamba? Akanatha kubwereza masamu pa holide, anakana. Nsapato zomwe analembapo University of Virginia anakaziponya pamoto. Mlesi sawotcha nsapato, amangozisiya pansi pa bedi.

Kamdothi
Achemwali, zaka 17 komabe? Kukwiya chaka chimodzi ndingamve.

NaPhiri_Leeds
Anamuuza ndani? Tchulani munthu mmodzi m'sewero lonse yemwe Biff anamuuza zomwe anaona.

Chiswamphika
Palibe. Ndipo apa ndi pomwe pamandipweteka ine. Linda amamukalipira Biff kuti ndi mwana wosayamika, kuti ngati salemekeza bambo ake asamabwerenso kudzamuona iye. Biff amangoti bambo ndi achinyengo, amake akafunsa kuti chifukwa chiyani, amameza mawu. Akulandira matemberero kuchokera kwa munthu yemwe akumuteteza.

Ndinene zanga. Ndili folomu 3 ananditumiza kutauni kukatenga fizi kwa bambo anga komwe ankagwira ntchito. Foni kunalibe, ndinangotulukira. Anandilozera nyumba, ndinagogoda, anatsegula mayi wina ali ndi mwana kumbuyo, atavala chitenje chofanana ndendende ndi chomwe bambo anabweretsera amayi pa Khirisimasi. Ndiye kuti anagula ziwiri nthawi imodzi. Bambo atabwera sananene kanthu za iye. Anandipatsa fizi yonse, n'kuwonjezera ya thiransipoti yochuluka kuposa mtengo wa basi, anandiperekeza kudepoti, pokwera anangoti, "Ukawapatse moni amayi ako." Ndalama yowonjezera ija ndinaidziwa ntchito yake. Kuyambira pomwepo mpaka anamwalira, ine ndi iwo sitinakhalepo awiri m'chipinda chimodzi kwa mphindi khumi. Sitinayambanepo. Wina akalowa wina amapeza chochita panja.

Ndiye a Kamdothi, zaka 17 si zambiri. Zanga zinakwana 22.

Bwande_wa_Ndirande
Eish. Pepani achimwene, ndinayamba ndi nthabwala.

Mai_a_Mapasa
Pepani a Chiswamphika. Koma ine ndiimire Willy pang'ono chifukwa nonse mwamuunjikira. Munthuyu ubambo akanauphunzira kwa ndani? Bambo ake ankapanga zitoliro n'kumagulitsa akuyenda pa ngolo, ndipo anathawira ku Alaska Willy asanakwanitse zaka 4. Mkulu wake Ben ananyamuka kuti akawafune, n'kukathera ku Africa. Chomwe Willy akukumbuka cha bambo ake ndi ndevu ndi kulira kwa chitoliro, ndipo seweroli limayamba ndi chitoliro chomwecho. Pali pomwe akumupempha Ben ngati kamwana kuti amuuze ngati akulera bwino ana ake. Munthu wa ana awiri akufunabe wina womuuza kuti ukukhoza.

Agogo anga aamuna anapita ku migodi ku Joni bambo anga ali kumbuyo, osabweranso, anasanduka mtchona. Bambo anga atabereka ife anatikonda mopitirira, koma chikondi chake chinali cha munthu wamantha. Mchimwene wanga akapeza nambala 5 m'kalasi, pamudzi ankauza anthu kuti wapeza nambala 1. Mpaka lero mchimwene wangayo sanena zoona za malipiro ake. Willy ndikumumva ine.

Mphunzitsi_Wopuma
Kumumva ndi kwina, kumukhululukira ndi kwina, amayi.

Mai_a_Mapasa
Sindinati ndamukhululukira aphunzitsi. Ndati ndikumudziwa.

Gologolo_265
Koma zonsezi n'chifukwa choti azungu alibe malume. Kwathu kuno mwana akalephera mayeso nkhani imapita kwa atsibweni, osati kukwera sitima kukasaka bambo. Ben uja akanakhala malume weniweni bwenzi atamutenga Biff kupita naye ku Africa.

WaZisudzo
Ben si malume, ndi bambo aakulu, mbali ya kuchimuna. Ndipo Mulungu atiteteze kwa bambo aakulu otere. Nthawi imodzi yokha yomwe anacheza ndi Biff, anamuuza kuti tiye timenyane, n'kumupinga mwendo, mwana ali pansi iye n'kumuloza ambulera pafupi ndi diso. Phunziro lake linali loti mlendo usamamenyane naye mwachilungamo. Nyimbo yake ndi imodzi, yoti analowa m'nkhalango ali ndi zaka 17, anatuluka ali ndi 21 atalemera ndi dayamondi. Momwe analemerera sanena. Ife a kuno tikudziwa kuti dayamondiyo ankakumba ndani.

Ngati mukufuna malume m'seweroli, ndi Charley, ngakhale si wachibale n'komwe.

Gologolo_265
Chabwino ndavomera. Komabe kodi Willy amagulitsa chiyani? Ndawerenga kawiri sindikupeza.

Bwande_wa_Ndirande
Kaunjika. Masutikesi awiri aja muli bhelo.

WaZisudzo
Kkkk simunaphonye a Gologolo, sanena paliponse. Timangoona masutikesi a zitsanzo akulowa nawo usiku atatopa.

Tchale_wa_Mzuzu
Ine gawo lomwe linandikhudza ndi la firiji. Munthu akudandaula kuti zinthu amazipanga dala kuti ukamamaliza kulipira ngongole zikhale zitatha. Yanga ndinatenga pa ngongole ya miyezi 18, mwezi wa 17 inayamba kulira ngati chigayo. Okonza akuti kompuresa, mtengo wake ndi theka la firiji yatsopano.

Bwande_wa_Ndirande
Mwina ndi magetsi akuthimathimawa a Tchale, mugule kachipangizo koteteza kaja.

Tchale_wa_Mzuzu
Ndinagula, nako kanapsa.

Kamdothi
Abale tabwerani ku Brooklyn, za mafiriji tsegulani yanu. A NaPhiri ndi a Chiswamphika mwandigwedeza, sindikana. Koma nanga cholembera? Munthu wa zaka 34 wapita kukapempha ngongole ya bizinesi kwa bwana wake wakale, n'kuba cholembera pa desiki. Bambo ake analipo pamenepo?

WaZisudzo
Analipo, m'mutu mwake. Ndilongosole tsiku limenelo chifukwa Miller analiluka mwaluso, bambo ndi mwana aliyense akupita kukapempha kwa bwana, onse akubwerako manja ali m'khosi.

Willy akupita kwa Howard, mwana wa bwana yemwe anamulemba ntchito kalekale. Pa nthawiyi salandiranso malipiro, wakhala milungu 5 akudalira komishoni yokha ngati woyamba kumene. Akupempha kuti asiye kuyenda, azigwira ku New York. Akuyamba ndi madola 65 pa sabata, akutsika pa 50, akutsika pa 40, pomwe Howard maso ali pa makina ake atsopano ojambulira mawu, akumvetsera ana ake. Mapeto ake akumuchotsa ntchito n'kumuuza kuti ana ake amuthandize. Willy sangavomere, chifukwa wakhala akuuza aliyense kuti ana ake akupanga zazikulu.

Biff naye akudikira Bill Oliver, bwana wake wakale uja, maola 6. Oliver akutuluka, akumuona kwa mphindi imodzi, osamukumbuka n'komwe. Pamenepo m'pomwe Biff akuzindikira kuti sanakhalepo wotsatsa malonda wa Oliver monga banja lonse limanenera. Anali kalaliki wolongedza katundu, ndipo anachoka atasowetsa katoni ya mipira. Bodza lija analibwereza pakhomo mpaka mwini wake analikhulupirira. Ndiye akulowa mu ofesi, akutola cholembera, akuthamanga kutsika nsanjika 11. Dzanja linachita zomwe linaphunzitsidwa tsiku la mpira lija. Koma ali pa masitepe, cholembera chili m'manja, akuona thambo n'kudzifunsa kuti ndikufuniranji kukhala chinthu chomwe sindifuna, pomwe zomwe ndimakonda ndi ntchito ya panja, mahatchi ndi dzuwa.

Madzulo ku lesitilanti akuyesa kuwauza bambo ake zoona. Willy akumudula, akuti andichotsa ntchito lero, ndikufuna nkhani yabwino yokauza amako. Tangoganizani. Nthawi yoyamba mwana akufuna kunena chilungamo, bambo akupempha bodza poyera.

Chiswamphika
Ndipo Happy ali pambali akumukodola Biff kuti ingonama.

NaPhiri_Leeds
Happy timamuiwala monga momwe makolo ake anamuiwalira. Ali mwana amangogona chagada n'kutukula miyendo kuti bambo aone kuti akuchepa thupi, palibe amatembenuka. Atakula amangolengeza kuti akwatira, amake amangoti kagone. Ndiye ku lesitilanti kuja ndi iyeyo akuuza atsikana kuti mdalayo si bambo ake, ndi munthu chabe, n'kumusiya akulankhula yekha kuchimbudzi. Pamaliro ndi yemweyonso akulumbira kuti apitiriza maloto a bambo ake. Mwa ana awiriwa womvetsa chisoni kwa ine ndi ameneyu.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndiwonjezere za Charley poti a WaZisudzo anamutchula. Sabata iliyonse amamupatsa Willy madola 50, Willy n'kukawapereka kwa Linda ngati malipiro, Linda akudziwa koma osanena. Charley akumupatsa ntchito, Willy akukana ngakhale tsiku lomwe wachotsedwa. Mu ofesi momwemo akukumana ndi Bernard uja ankamunyoza, tsopano ndi loya, ali pa ulendo wa ku Washington kukaimira mlandu ku Supreme Court, khoti lalikulu la ku America, ndipo sanadzitame n'komwe, amene ananena zimenezi ndi bambo ake. Willy akufunsa chinsinsi. Charley akuti iye sanalowerere konse za mwana wake. Bernard ndiye akufunsa funso lomwe Willy sangayankhe: chinachitika n'chiyani ku Boston? Akuti Biff atabwerako, iye ndi Biff anamenyana zibakera kuchipinda chapansi kwa theka la ola, onse akulira, osadziwa chomwe akumenyanirana.

Pang'ono za mlembi. Bambo ake a Miller anali ndi kampani yosoka makhoti a akazi ku New York, inagwa ndi mavuto a zachuma omwe anayamba mu 1929, banja n'kusamukira ku Brooklyn. Ndiye bambo wogwa pamaso pa mwana anamuona ndi maso ake. Seweroli linayamba kuonetsedwa ku New York pa 10 February 1949, ku Morosco Theatre, motsogozedwa ndi Elia Kazan, linaonetsedwa ka 742, ndipo linapata mphoto ya Pulitzer. Mu 1983 Miller anakalitsogolera yekha ku Beijing m'Chitchaina. Iye anamwalira pa 10 February 2005, tsiku lomwelo pa kalendala.

Gologolo_265
Aphunzitsi mwayamba kutipatsa manotsi, mayeso liti?

Mphunzitsi_Wopuma
Inu mungapereweredwe oposa 4.

Mai_a_Mapasa
Kkkk. Koma mapeto ake ine ndimawaona mosiyana ndi ambiri. Amati bambo ndi mwana anagwirizana usiku womaliza. Anagwirizana pati? Biff akuika patebulo paipi ya labala yomwe bambo ake anabisa kuseri kwa chotenthetsera madzi pokonzekera kudzipha. Akuulula kuti miyezi 3 yomwe analibe adiresi anali kundende ku Kansas City chifukwa choba suti. Akunena kuti iye ndi munthu wamba, bambo akenso ndi munthu wamba, ndipo palibe cholakwika. Akugwera pa chifuwa cha bambo ake akulira, akupempha chinthu chimodzi, kuti amumasule ku maloto aja.

Willy akumva chiyani? Akumva kuti mwanayu amandikonda, zomwe ndi zoona, ndipo akudabwa ngati wapatsidwa mphatso. Koma nthawi yomweyo akuti ndiye mwanayu adzakhala wapamwamba bwanji akakhala ndi madola 20,000 a inshuwalansi m'thumba. Mwana wanena momveka kuti sindikufuna, bambo akukwera galimoto kukafera chinthu chomwecho. Ngakhale misozi sanaimve.

WaZisudzo
Ndipo madzulo omwewo anali kuseri kwa nyumba ndi tochi akudzala mbewu za karoti ndi letesi, pamalo pomwe dzuwa silifikanso chifukwa cha nyumba zosanja zomwe zinamuzungulira. Tinayeserapo gawo limeneli pa gulu lathu la zisudzo. Yemwe ankasewera Willy anagwada pa simenti akuwerenga timapaketi ta mbewu ndi tochi ya foni, tonse tinasiya kuseka.

Tchale_wa_Mzuzu
Inshuwalansiyo analipira?

WaZisudzo
Seweroli silinena. Ben m'maganizo a Willy akumuchenjeza kuti kampani ikhoza kukana, ndipo Linda anali atanena kale kuti a inshuwalansi anapeza umboni woti ngozi zake zam'mbuyo sizinali ngozi. Chomwe tikuuzidwa n'choti tsiku la maliro Linda wamaliza kulipira ngongole ya nyumba ya zaka 25. Maliro omwe Willy ankalota kuti kudzabwera anthu ochokera m'maboma onse a New England kunabwera mkazi wake, ana awiri, Charley ndi Bernard.

Bwande_wa_Ndirande
Anthu asanu. Kwathu ngakhale mfiti timaiika ndi chinamtindi.

Mai_a_Mapasa
Chinamtindicho chimabwera munthu atapita, a Bwande. Paipi ija Linda ankaichotsa tsiku lililonse n'kuibwezeretsa mwamuna wake asanafike, poopa kumuchititsa manyazi. Ifenso timatero. Ngati muli ndi mdala pakhomo yemwe wayamba kulankhula zoti ndi waphindu atafa kuposa ali moyo, musamuteteze ku manyazi, mufunseni maso ndi maso ndipo mupite naye kuchipatala.

Kamdothi
Ulesi ndauchotsa. Koma ndikumudzudzulabe Biff pa chinthu chimodzi. Akanawauza amake chaka chomwecho, chithupsa chikanaphulika, mwina onse akanapola. Kubisa kuja sindikuona kuti kunathandiza aliyense.

NaPhiri_Leeds
Mukuganiza kuti Linda samadziwa? Mkazi wodziwa za madola 50 a Charley, wodziwa za paipi, wowerengera komishoni mpaka senti yomaliza, yemwe mwamuna wake amakalipa akangomuona akusoka masokosi? Miller sanatiuze, koma ine sindimuyesa wopusa.

Mphunzitsi_Wopuma
Apo ndiye tikulemba sewero lathulathu. M'mawu ake mulibe chosonyeza kuti amadziwa. Amafunsa Biff mobwerezabwereza chomwe chinawadanitsa.

NaPhiri_Leeds
Kufunsa si kusadziwa aphunzitsi. Funsani amayi kunyumba.

Kamdothi
A Chiswamphika, ngati si kulowerera, inu amayi anu munawauza?

Chiswamphika
Ayi. Pamaliro a bambo mayi uja anabwera ndi mnyamata wamkulu kale, anakhala kumapeto kwa tenti. Ine thukuta lili kamukamu, ndikuganiza kuti ndiwalondolera bwanji anthuwa. Nthawi ya chakudya amayi anandiitana kuseri kwa nyumba, anandipatsa mbale ziwiri za nsima ndi nyama, nati, "Kapereke kwa mng'ono wako ndi amake, achokera kutali." Anatchula ndi dzina la mnyamatayo.

Chitenje chija sanachivalepo, anachiyala pansi pa matiresi. Ndinachipeza chaka chatha tikusamutsa bedi.